Thandizeni, "get one over on you" ndiye kuti chiyani?

Membala wosadzitchula dzina: Abale anga, mtima suli m'malo. Ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds, chaka chachiwiri tsopano. Dzulo tikumwa tiyi, mnzanga wachizungu anandikokera pafupi ndi ketulo n'kundinong'oneza kuti, "Careful, she's trying to get one over on you." Ndinangomwetulira, koma tulo sitinabwere. Pomwepo ndatopa kale, mashifiti ausiku anayi motsatizana, lendi yakwera, mlamu wanga kumudzi akungoimba za ndalama ya feteleza ngati kuno timatola pansi. Kodi ndichotsedwa ntchito?

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, amenewo ndi mawu a Angerezi ocheza, sumawapeza m'kalata ya ofesi. Akuti wina akufuna kukuchenjerera kuti iye akhale pamwamba. Ana a masiku ano simuwerenga, vuto lake ndi limeneli!

Mayi a Mapasa: Pa Chichewa ndi kukudyera masuku pamutu basi.

Mphunzitsi Wopuma: AYI mayi, musasokoneze anthu. Wokudyera masuku pamutu amakugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali iwe osazindikira. Uyu akufuna kungokuposa kamodzi mochenjera, ngati timu yomwe yagoletsa chigoli chimodzi inzake ilibe. Ndaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma, ndikudziwa.

Mayi a Mapasa: Bambo, kuphunzitsa sikutanthauza kuti Chichewa chathu n'cholakwika.

Wa ku Joni: Ine zinandionekera ku Johannesburg. Mnzanga amene ndinkadya naye mbale imodzi ankandiyenda pansi kwa bwana, mpaka maola anga onse analembedwa pa dzina lake. Mpaka lero ndikakumbuka misozi imalengeza.

Achimwene Anu: Nkhani ndi mlamuyo. Feteleza azigula yekha.

Namwino wa ku Manchester: Chemwali, "she" ameneyo ndi ndani? Ngati ndi mnzanu wa pa shifiti, mwina akufuna musinthane masiku kuti inu mugwire pa Khirisimasi. Ngati ndi bwana, nkhani ndi ina. Jambulani rota (ndandanda wa mashifiti) pa foni, ndipo musasaine pepala lililonse musanaliwerenge.

Mphunzitsi Wopuma: Komanso musaphatikize ndi "get over", kuja n'kuiwala zowawa kapena kuchira. Ambiri mumalakwitsa pamenepa.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse. Mlamuyo waimbanso kawiri m'mawa uno, akuti mvula yayamba kale.

Namwino wa ku Manchester: Chemwali, ndikufunsabe, mayiyo ndi ndani?