Za ndalama za mjigo ndi damu la anthu a mgodi aja

Tcheya: Mwaswera bwanji nonse. Paja tinagwirizana kuti ndalama tasonkhazi zipite ku mjigo wa pasukulu, koma malume a ku Kitwe anandiimbira dzulo akuti tidikire kaye, ndiye ndati alankhule okha muno aliyense amve.

Malume a ku Kitwe: Zikomo atcheya. Mjigo sindikuukana ayi, funso langa ndi loti anthu a mgodi akuyezayeza kuphiri aja damu lawo la matope adzaliika mbali iti. Mwala akaugaya nkuchotsa chomwe akufuna, chotsala ndi matope osakanikirana ndi mankhwala, amangounjika mu damu zaka ndi zaka. Kuno ku Zambia pa 18 February 2025 damu lotere linaphulika ku Chambishi, asidi kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kuyandama zakufa, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje kupserera ngati wachithira madzi owira, ife mu Kitwe mipopi inatsekedwa, boma linafika pothira laimu mumtsinje ndi ndege za asilikali. Izi sindinazione pa Facebook, ndowa ndinanyamula ndekha ndi ukalamba wangawu.

Msungichuma: Malume ndi ulemu wonse, ana akumwa pachitsime chomwe mbuzi zikumweranso lero lino, mgodiwo ngakhale msewu sanalambule. Ndipo wokumba mjigo uja anati mtengo wake ndi wa mwezi uno basi, tikachedwa akweza, mukudziwa mmene kwacha ikuchitira

Achemwali a ku Joni: Amsungichuma mukunena zoona koma malume asanyozedwe. Kuno ku Jagersfontein mu September 2022 zinachitikanso, matope otuwa kukokolola nyumba za anthu m'mawa, chonsecho mgodi weniweni wa dayamondi unatsekedwa m'ma 1970, ankangosefanso zotsala. Kampani imapita, damu limatsala ndi inu eni mudzi.

Injiniya wathu: Ndiikepo pang'ono akuluakulu. Chachikulu ndi kamangidwe ka khoma. Pali njira yotchipa yomwe damu likadzadza amakweza khoma pamwamba pa matope omwewo akalewo, ndiye matopewo akakhuta madzi amasungunuka ngati phala khoma nkugwa nthawi imodzi. Ndi zomwe zinachitika ku Brumadinho ku Brazil mu January 2019, damu la kampani ya Vale, anthu 270 anafa, ambiri anali antchito akudya nkhomaliro mu kantini yomwe inamangidwa kumunsi kwa damulo, sairini sinalire nkomwe. Brazil njira imeneyo anailetsa pambuyo pake. Ndiye ife tifunse mafunso atatu awa, khoma adzamanga njira iti, mvula ikachuluka madzi osefukira adzatulukira kuti, ndipo mgodi ukadzatsekedwa adzasamale damulo ndani ndi ndalama za ndani. Zonsezi zimayenera kukhala mu lipoti la ESIA, lounika mmene mgodi udzakhudzire chilengedwe ndi anthu, lomwe limapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, tilipemphe tiliwerenge. Koma chomwe ine ndikulimbikira, tiyezetse madzi a mumtsinje ndi m'zitsime PANOPA a mgodi asanayambe kukumba, pepala la ku labu tisunge, apo ayi madzi akadzasintha adzatiuza kuti anali choncho kale ndipo tidzasowa poyambira.

Aphunzitsi opuma: Amene munali kumudzi nthawi ya Freddy mu 2023 mukukumbuka miyala yomwe inatsika kuphiri. Uja anali napolo wa Mulungu, tsopano tidziikirenso wina pamwamba pa mudzi?

Achimwene a minibasi: Iii koma inu mwayamba, achinyamata kumudzi ali phwii opanda ntchito, mukawaopseza azungu apita kwina tidzadya ma lipoti anuwo?

Achemwali a ku Joni: Achimwene kufunsa si kuthamangitsa, ngakhale pogula minibasi yanuyo munayang'ana mabuleki kkkk

Msungichuma: Chabwino nanga kuyezetsako ndi ndalama zingati? Ine sinditulutsa khobidi popanda pepala. Ndipo mjigo ukhalepo ndithu.

Injiniya wathu: Ndifunsa Lolemba. Ukhalepo, kungoti malo ake tisankhe titaona mapu a damu, tikaukumba kumunsi kwake ndiye tataya ndalama.

Tcheya: Ndamva. Mawa ndiwaimbira a gulupu atiuze ngati msonkhano ndi a mgodi unachitika kale ndipo anasaina ndani, wokumba ndimupempha atidikire sabata ziwiri.

Msungichuma: Ndipo amene simunasonkhe za mwezi watha mukudzidziwa, achimwene a minibasi ndikuonani muli onilaini