Kusamutsa thanki ya nsomba ya malita 200 kupita mu ya 600: mchenga wakale tiutani?

Wamatanki: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali kasitomala amene ndakhala ndikumusamalira thanki ya madzi amchere ya malita 200 kwa zaka zinayi. Pano wagula ya malita 600 ndipo akufuna zonse zisamuke Loweruka lino. Muli nsomba zitatu, ma clownfish awiri ndi yellow tang imodzi yomwe yakula mpaka ikusowa potembenukira, komanso ma coral (zamoyo za m'nyanja zokhala pamiyala): ma Acropora olimba angapo ndi mwala umodzi wodzaza ma zoanthid ofewa. Mu yatsopanoyo ndathiramo kale madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, mchere wasungunuka, refractometer yoyezera mchere ikuwerenga 1.026 konsekonse. Chandiimitsa mutu ndi alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, yomwe timayeza mu dKH: mu yakale 7.5, mu yatsopano 11. Mcherewo ndi wa mtundu wina, anakagula yekha osandifunsa. Nanga mchenga wakale ndiusamutse? Mwiniwake sakufuna kugula wina.

Mkulu wa mapampu: Achimwene, tisanafike kwa mcherewo, pansi pamene mwaikapo thankiyo mwaonapo bwino? Madzi okha ndi makilogalamu opitirira 600, osawerengera galasi, miyala ndi sump, thanki yosefera madzi ya m'munsi. Ikani level pamwamba mbali zonse. Ikapendekeka pang'ono, silikoni wa pakona imodzi ndiye amasenza katundu yense.

Wamatanki: Pansi ndi pa simenti, bambo, ndipo level ili pakati penipeni. Ndinaisiya ndi madzi masiku atatu, palibe podontha.

Mayi wa ma coral: Mchengawo musaukhudze n'komwe, achimwene. Ine zinandionekerapo. Ndinakokolola mchenga wa zaka zitatu n'kuuthira mu thanki yatsopano, ati kupulumutsa mabakiteriya. Nditangofika pansi penipeni ndinaona mchenga wakuda bii, fungo la dzira lovunda n'kudzaza chipinda chonse. Imeneyo ndi hydrogen sulfide, imapangika m'munsi momwe mulibe mpweya. Madzi anachita mbuu, pofika madzulo nsomba zili pamwamba kukamwa yasa. Ziwiri sizinafike m'mawa, ndipo mwini thankiyo sanandiimbirenso foni. Gulani watsopano, mutsuke mpaka madzi ayere. Mukafuna, tapani kapu imodzi kapena ziwiri za wakalewo, wa pamwamba pokha, kuti tizilombo tabwino tipite nawo. Mabakiteriya ambiri ali m'miyala yamoyo, miyala ya mibowo ya mu thanki yakaleyo. Imeneyo ndiye muisamale ngati khanda: ichoke m'madzi ilowe m'ndowa ya madzi akale nthawi yomweyo. Ikakhalitsa pamphepo, masiponji a m'mibowomo amafa, ammonia, poizoni wa nsomba, n'kukwera.

Wa sump: Bwanji alkalinity-yo osangoitsitsa ndi asidi? Ena amatero, ola limodzi zatheka.

Mkulu wa mapampu: Zimatheka, koma pH, muyeso wa asidi m'madzi, imagwa kwambiri, mpaka upopere mpweya usiku wonse kuti ibwerere. M'nyumba ya kasitomala ine sindingayerekeze. Ukalakwitsa muyeso pang'ono wayambanso poyambira.

Mayi wa ma coral: Kulumpha kuchoka pa 7.5 kufika pa 11 tsiku limodzi, ma Acropora aja apsa kunsonga, ena asenda mnofu kuyambira patsinde, kutsala chigoba choyera. Madzi a mathanki awiriwo akumanitseni pakati. Chotsani theka la madzi atsopanowo, musungunule ena ndi mchere umene thankiyo inazolowera. Kwinaku kwezani ya mu yakale pang'onopang'ono, osapitirira 0.5 dKH patsiku, ifike cha pa 8.5. Tsiku losamutsalo muonjezeremo madzi akale oyera, amene mwapopa musanagwedeze mwala uliwonse. Calcium muyezenso, ikhale pakati pa 400 ndi 450, kutentha madigiri 25 mbali zonse.

Wamatanki: Theka lonse, achemwali? Malita 300 amenewo, ndi mmene makina anga a RO amadonthezera muja, Loweruka silitheka.

Mayi wa ma coral: Ndiye lisatheke. Nsombazo zakhala zaka zinayi m'menemo, sabata imodzi siziphedwa nayo. Madzi mukuchotsawo musataye, sungani m'madilamu, muzidzasakaniza pang'onopang'ono posintha madzi.

Wa sump: Kuonjezerapo chabe: mwala wa ma zoanthid uja valirani magolovesi ndi magalasi. Ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, kachilonda kakang'ono pachala kakwana kuti alowe m'thupi. Musaukweche ndi bulashi uli pamtunda, musauthire madzi otentha.

Mkulu wa mapampu: Eya, ndi magetsinso. Ngati nyale zake ndi zatsopano, yambirani cha pa theka la mphamvu, muzikweza sabata ndi sabata. Ndipo kasitomalayo mumuuziretu kuti mchenga watsopano udzachita bulawuni ndi ndere zotchedwa ma diatom m'masabata oyamba, asadzati mwamuwonongera thanki. Nsomba zatsopano adikire mwezi, pakuti ndikumudziwa munthu wa thanki yaikulu, mawa lomweli afuna kukagula zina zisanu.

Wamatanki: Ndabwera ndi lipoti, akuluakulu. Anang'ung'udza koma anavomera, tinasamutsa Loweruka linalo. Alkalinity inali 8.5 mu yakale, 9 mu yatsopano. Miyala inayamba kulowa, kenako ma coral, nsomba pomaliza. Lero ndi tsiku lachisanu chisamutsireni, ammonia ili pa 0. Acropora imodzi yatuwa pang'ono kunsonga, ndaitsitsira pamwala wam'munsi. Mchenga wakale ndinamuitana mwiniwake kuti adzaununkhize tili mkati moukokolola. Za ndalama ya mchenga sanazitchulenso.

Mayi wa ma coral: Yotuwayo musamaisunthesunthe. Ammonia muziyezabe mpaka sabata yachiwiri ithe.