Nyimbo zakale za Agide tingazipeze kuti?

waku_Joni:
Abale ndithandizeni. Ndili kuno ku Johannesburg chaka chachinayi, ndiye mwana wanga wapeza nyimbo ya Agide ya Linny Hoo pa TikTok akumayivina tsiku lonse, ndamuuza kuti a Giddes Chalamanda anabadwa 1930 ku Chiradzulu koma sakukhulupirira, akuti agogo a zaka zimenezo sangatchuke pa foni. Ndikufuna amve zija amaimba okha ndi gitala basi, popanda kiyibodi. Pa YouTube ndikungopeza ija anaimba ndi Namadingo mu 2020. Alipo ali nazo zakalezo?

gitala_yakale:
Achimwene ija ya Namadingo musaichepetse, ndi imene inawabweretsa madalawa kwa ana ngati wanuyo. Koma ndikukumvetsani. Agide akakhala okha amathamanga pena, pena nkubwerera m'mbuyo, gitala imatsatira mawu awo osati mawu kutsatira gitala, ndiye mukawaikira ng'oma za pa kompyuta zomwe sizisintha liwiro kanthu kena kamatayika ndithu. Ine ndimagwirako gitala pang'ono, makodi awo ndi ochepa, mwana atha kuwaphunzira sabata imodzi, koma kakhwatchidwe ka dzanja lamanja kaja ndakhala ndikuyesa zaka sindinakafikepo. Sakani Che Meli, mumva zomwe ndikunenazi.

mayi_a_ku_Ndirande:
Ife tinkawamva pa wailesi ya MBC tili ana, ndipo kunyumba tinali ndi kaseti koma inadyedwa ndi wailesi, mpaka lero zimandipweteka. Buffalo Soldier ndiye ndimaikonda kwambiri, munthu kuimba zaka ndi zaka kuti akufuna kukaona America, kenako 2016 anapitadi ali ndi zaka 86. Tsiku lomwe ndinamva ndinalira ine. Mwana wanuyo mumuuzenso kuti Linny ndi mwana wawo wa Agide, si nyimbo ya chibwenzi ayi, ndi bambo akuyamikira mwana wawo wamkazi.

mphwanu_waku_Zomba:
Langa ndi pempho chabe. Mukazipeza musangotumizirana pa WhatsApp nkuthera pomwepo. Linny Hoo inazungulira dziko lonse, anthu mamiliyoni kuionera, koma mwini wake anali kumudzi opanda ndi foni ya intaneti yomwe, anachita kuuzidwa ndi anthu kuti mwatchukatu kunjaku. Anyamata okopera nyimbo mu memori kumsika aja amadya ndalama, woimba osaona olo tambala. Ngati pali njira yogula kapena kumvera pamalo pomwe ndalama imadutsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso lija, tiyeni tidzere kumeneko.

waku_Joni:
Zikomo nonse. Che Meli ndaipeza, tamvera limodzi usiku uno katatu, ndipo mwana wafunsa kuti Chiradzulu ili mbali iti. Mayi aku Ndirande, za Linny zija sindimadziwa, ndamuuza wangoti zii kenako nkuiyikanso. December ndikubwera kumudzi, ngati wina ali ndi kaseti yoti ikugwirabe ntchito andiuze, ndidzabwera ndi chingwe tidzaisamutsire pa kompyuta isanaonongeke.