Seva sikuona NAS magetsi akabwera, thandizeni

Mphwanu_wa_Mbare:
Akuluakulu muli bwanji. Pa kaofesi kathu ku Graniteside tili ndi seva ya Ubuntu 22.04 ndi NAS (kabokosi ka ma disiki ka pa netiweki) ya Synology yomwe timasungamo mafayilo ndi ma backup. Ndinayatsa NFS (njira yogawana mafayilo pa netiweki) pa NAS, pa seva ndinaika nfs-common, ndikapanga mount (kulumikiza foda ya NAS ku seva) pamanja zimayenda bwinobwino, ndiye ndinalemba mzere mu /etc/fstab kuti izidzilumikiza yokha. Koma magetsi akazima n'kubweranso seva imadzuka foda ya /mnt/nas ili mbee, mpaka ndilembe mount -a. Abwana ayamba kundiyang'ana ngati ndine ndikufufuta zinthu kkkk. Chinanso ndikafuna kulembamo imati Permission denied.

Chipeta77:
Achimwene palibe chafufutika, seva yanu ikungofulumira. NAS imachedwa kudzuka, ma disiki ayambe kaye kuzungulira, DSM (pulogalamu yoyendetsa Synology) ilowe, pomwe seva yafika kale pa fstab, yagogoda, palibe woyankha, basi yadutsa. Mzerewo ukhale chonchi:

192.168.1.20:/volume1/mafayilo /mnt/nas nfs _netdev,nofail,x-systemd.automount 0 0

_netdev imauza seva kuti idikire netiweki, nofail ndi yoti isakakamire pa boot NAS ikasowa, koma mwini nkhani ndi x-systemd.automount, chifukwa iyeyo salumikiza pa boot ayi, amadikira mpaka wina atsegule fodayo. Mukasintha lembani systemctl daemon-reload. Komanso pitani mukasuzumire mu /mnt/nas NAS isanalumikizidwe, ngati backup inayenda nthawi imene ija foda ili mbee ndiye kuti inalemba pa disiki ya seva yeniyeniyo, ndipo mafayilowo amabisala pansi mount ikabwera, mumangodabwa disiki yadzadza osadziwa chadzadzitsa.

MaiTadala_Highfield:
Onjezani apo, NAS ipatseni IP yokhazikika pa rauta, apo ayi magetsi akabwera DHCP (yomwe imagawa ma IP) itha kuipatsa ina ndiye mzere wanu wa fstab ukuloza kutchire. Za Permission denied zija ndi manambala. NFS siyang'ana dzina la munthu, imayang'ana UID, nambala ya munthuyo. Pa Ubuntu munthu woyamba amakhala 1000, pa Synology amayambira 1026, ndiye NAS ikukuonani ngati mlendo. Lembani id kenako ls -ln /mnt/nas mufananize. Ndipo sudo sikuthandizani ngati root squash (yomwe imalanda root mphamvu pa NAS) ili yoyaka.

Gaba_Dzivarasekwa:
Ine zonsezi ndinazisiya kale, ndimagwiritsa SMB (njira ya Windows yogawana mafayilo), cifs-utils, kuika uid=1000 mu fstab, pasiwedi mu kafayilo ka credentials ka chmod 600, nkhani yatha. Makamaka ngati muofesimo muli makompyuta a Windows otsegula foda yomweyo.

Chipeta77:
A Gaba sakunama, koma Linux ndi Linux ine NFS basi, doko limodzi la 2049 pa NFSv4 ndipo sipafunika kusunga pasiwedi pa seva. Chomwe ndikukupemphani, musamvere okuuzani kuti muike soft mu mzere wa fstab uja kuti seva isamaume NAS ikazima, soft imataya mtima pakati polemba fayilo ndipo backup imatha kuonongeka. Ikhalebe pa hard.

Mphwanu_wa_Mbare:
Zikomo nonse, ndaika automount, ndazimitsa zonse dala n'kuyatsa seva poyamba, foda yabwera yokha NAS itadzuka. Mai Tadala munalondola, ine 1000 mafayilo 1026. Nanga UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) yathu ndi imodzi yaing'ono, ndiikepo NAS kapena seva?

MaiTadala_Highfield:
NAS pamodzi ndi switch. Ngati UPS ili ndi USB ilowetseni ku Synology, muyatse UPS support mu Control Panel kuti izisiya kulemba yokha batire isanathe.