Mwana wathu wa zaka 4 wayamba kuthawa mapemphero a madzulo

Mayi wa ana awiri, Chibavi

Moni makolo anzanga nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere m'nyumba mwathu. Ine ndi bambo a kunyumba tili ndi ana awiri, wamwamuna wa zaka 4 ndi wamkazi wa zaka 2, ndipo tinasamukira kuno ku Mzuzu kuchokera ku Dedza chifukwa cha ntchito. Tonse awiri tinakulira m'mabanja a CCAP momwe sitinkagona tisanaimbe nyimbo, kuwerenga Baibulo ndi kupemphera, ndipo titakwatirana tinagwirizana kuti kwathunso kudzakhala chimodzimodzi.

Bambo amafika kunyumba cha m'ma 7 koloko, nsima timadya cha m'ma 8, ndipo mapemphero amabwera pambuyo pake n'kutenga mphindi 40 kapena kuposerapo, chifukwa iwo amawerenga mutu wathunthu n'kuyamba kuufotokoza ndime ndi ndime. Wamng'onoyo amakhala atagona kale kumsana kwanga. Wamkuluyo sakhazikika: amakwawira pansi pa tebulo, amatokosa makala pambaula, ndipo tsiku lina anafuula "Amen" bambo ake ali pakati pa pemphero. Sabata yatha bambo akewo anamukwapula ndi kamtengo, ndipo kuyambira tsikulo akangoona Baibulo likutsitsidwa amathamangira kuchipinda n'kukadzifunditsa bulangete. Bambo akuti m'mera mpoyamba, ndipo akundiwerengera Miyambo 13:24, vesi lonena kuti wosakwapula mwana wake amamuda. Ine mtima ukundiwawa kuona mwana akuopa buku limene ndimafuna kuti adzalikonde. Kodi anzathu mumachita bwanji ndi ana a msinkhu umenewu?

Agogo ophunzitsa Sande sukulu, Katawa

Mwananga, pepa ndi zimene ukudutsamo, koma ndikuuze mosabisa kuti mwana wakoyo sanalakwe kanthu kolingana ndi chikwapu. Ndaphunzitsa Sande sukulu zaka zambiri, ndipo sindinaonepo mwana wa zaka 4 amene angakhale chete mphindi 40 akumvetsera mawu a akuluakulu, makamaka usiku atakhuta nsima, m'nyengo yozizira ngati ya June ndi July kuno kwathu, pamene thupi limangofuna zofunda. Kumbukira kuti pa Machitidwe 20 mnyamata Utiko anagwidwa ndi tulo Paulo atatalikitsa ulaliki mpaka pakati pa usiku, nagwa kuchokera pazenera la nyumba yosanja, ndipo Paulo sanamudzudzule, koma anatsika n'kumukumbatira. Ngati tulo tinagonjetsa mnyamata wamkulu pamaso pa mtumwi, nanga kamwana kako?

Chimene ine ndinkachita ndi ana anga, ndipo ndikuchitabe ndi zidzukulu, ndi kugawa mapemphero pawiri. Gawo la ana limabwera nsima isanafike patebulo ndipo siliposa mphindi 5 kapena 7: kolasi imodzi yowomba m'manja, nkhani imodzi yaifupi yonenedwa ndi pakamwa, monga ya Zakeyu mumtengo kapena ya Samueli akuitanidwa usiku, kenako mwana mwiniyo apemphere mawu ake. Ngakhale atangoti "Zikomo Mulungu chifukwa cha usipa," limenelo ndi pemphero lathunthu, ndipo nonse muyankhe "Amen" ndi ulemu womwewo umene mumapereka ku pemphero la bambo. Ana akagona, inu akulu tsegulani mutu wanu wathunthuwo. Deuteronomo 6:7 imanena za kuphunzitsa ana pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, kutanthauza kuti chiphunzitso chimamwazika m'tsiku lonse. Ukamamusambitsa m'mawa kapena ukamapita naye kumsika wa Zigwagwa, mpata womuuza za Mulungu ulipo wambiri.

Bambo wa ana anayi, Luwinga

Amayi, ndikugwirizana ndi agogo pa zofupikitsa, koma ndikupempha kuti tisawaweruze msanga amuna anuwo. Masiku ano abambo amene amafika kunyumba ali bwinobwino n'kutsegula Baibulo pamaso pa ana awo si ambiri, ndipo inu muli naye wotero. Ndikuganiza kuti chimene chikuwavuta ndi mantha. Ambirife tinaleredwa ndi chikwapu, ndipo timadziwa kuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo: mwana akachita phokoso m'tchalitchi, maso a mpingo wonse amatembenukira kwa kholo.

Ine sindinena kuti kulanga mwana n'kosayenera, koma pa nthawi ya mapemphero ndinasiyiratu. Mwana wanga woyamba ndinkamumenya akaseka popemphera, ndipo lero ali ku sekondale, amapita kutchalitchi chifukwa chondiopa ine, ndipo sindinamumvepo akuimba yekha. Zimenezi zimandipweteka kwambiri. Buku lomwelo limene lili ndi Miyambo 13:24 lilinso ndi Aefeso 6:4, imene imatichenjeza ife abambo kuti tisakwiyitse ana athu, ndipo vesi limeneli ndinachedwa kulimvetsa. Langizo langa ndi lakuti musawatsutse pamaso pa ana, kapena pa nthawi imene akwiya. Lankhulani nawo muli awiri, ndipo muwapemphe kuti gawo la analo azitsogolera iwowo, atamunyamula mnyamatayo pamiyendo. Mwana anakwapulidwa ndi bambo ake, choncho ndi bambo akewo amene angamuchotse mantha. Zikavuta, ankhoswe kapena mkulu wa mpingo wa kudera lanu akhoza kuthandiza.

Namwino, Mchengautuwa

Ine ndine wa Katolika, ndipo ana anga amapita ku Tilitonse, maphunziro a ana a mumpingo wathu, komwenso amaphunzira kwambiri kudzera m'nyimbo ndi mapemphero aafupi obwerezabwereza. Ndingowonjezera za thupi la mwanayo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2019, linanena kuti ana a zaka 3 mpaka 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku. Ngati mwana wanu amadzuka 6 koloko kupita ku sukulu ya mkaka, pofika 9 koloko usiku amakhala atapyola kale nthawi yake yogona, ndipo mwana wotopa kawirikawiri sagona phee, m'malo mwake amalusa ndi kudumphadumpha. Chinanso, chonde mbaula muziichotsa pafupi ndi ana ndipo musamaisiye m'nyumba yotseka mawindo, chifukwa utsi wa makala umapha mwakachetechete, ndiponso ana opsa ndi moto timawalandira kwambiri m'miyezi yozizira.

Ndifunsenso: kutchalitchi kwanu amapemphera m'Chitumbuka kodi? Ngati ndi choncho, mwina mwanayo akudziwa kale makolasi a Chitumbuka amene angakonde kuimba kunyumba.

Mayi wa ana awiri, Chibavi

Zikomo kwambiri agogo, abambo ndi anamwino. Mbaula ndayamba kuitulutsa pakhonde tikangotha kuphika. N'zoona, timapita ku mapemphero a Chitumbuka, ndipo mnyamatayu amachilankhula kuposa ife makolo ake chifukwa cha anzake osewera nawo, koma sindinaganizepo zomupempha kuti atitsogolere nyimbo.

Ndinalankhula ndi bambo Loweruka m'mawa ana ali panja. Poyamba anangokhala chete, kenako anandifotokozera mmene agogo awo ankawagwaditsira pamiyala akawodzera popemphera, nkhani imene sanandiuzepo chikwatiranireni. Sanavomere kuti analakwa, ndipo akuti chikwapu sachitaya pa zinthu zina monga bodza, choncho pamenepo tikukambiranabe. Koma avomera kuyesa gawo la ana tisanadye. Dzulo mwanayo anakana kutuluka kuchipinda, ndiye bambo ake anamutsatira komweko opanda Baibulo m'manja, nakhala pamphepete pa bedi n'kumufunsa nyimbo imene anaphunzira Lamulungu. Anaimba mzere umodzi wokha ali m'bulangete momwemo. Agogo, ndikupempha mundiuze nkhani zina zazifupi zoyenera msinkhu wake, chifukwa ya Zakeyu ndamufotokozera kale kawiri lero.