Thandizeni, fault imeneyi inkayenda liti?

Akuluakulu a geology muli pa gulu pano ndithandizeniko chonde. Ndikujambula cross-section (chithunzi cha mmene miyala inayalirana pansi pa nthaka) ya half-graben (chigwa chomwe chinamira mbali imodzi) pa project yanga, mbali imodzi kuli normal fault yaikulu (mng'alu womwe miyala ya mbali imodzi inatsetserekera pansi), mbali inayo miyala ikungotsetsereka pang'onopang'ono. Borehole yakutali inagunda basement (thanthwe lakale lolimba lapansi penipeni) pa mamita 300 koma yapafupi ndi fault yafika 900 ikungotulutsabe sandstone ndi shale (miyala yochokera ku mchenga ndi matope) basi. Ndiye ndingadziwe bwanji ngati fault inkayenda nthawi yomwe mchenga ndi matope zinkaunjikana, kapena inadzadula zitalimba kale? Sabata yonse ndili pomwepa, mtima suli m'malo.

Mayankho

Achimwene, yezani layer iliyonse payokha. Zomwe zinayalana fault isanayambe zimakhala zofanana kukhuthala konsekonse, zimangopendekeka. Zomwe zinaunjikana fault ikuyenda zimakhala zopyapyala kutali n'kumanenepa mukayandikira fault, chifukwa pamenepo nthaka inkamira, dzenje n'kumazamabe, ndiye matope ambiri ankathera momwemo. Zapamwamba zomwe zaphimba fault osaduka zinabwera itasiya kale.

Onaninso core (mwala wotulutsidwa pobowola) ya borehole yapafupiyo, mukapeza conglomerate (mwala wa timiyala tomatana) kapena zibenthu za miyala zosongoka dziwani kuti zinkagumuka kuchokera ku footwall (mbali ya fault yomwe sinamire) yomwe inali itakwera ngati phiri.

Ine ndikuchenjezeni pa seismic. Imayeza nthawi yomwe mafunde atenga kupita pansi ndi kubwerera, si mamita ayi, ndiye musanasinthe nthawiyo kukhala mamita ndi velocity ya sonic log kapena checkshot (liwiro la mafunde loyezedwa mu borehole) musakhulupirire kukhuthala komwe mukuona. Ngati gravity (muyeso wa mphamvu yokokera zinthu pansi) muli nayo ithandizanso, pomwe sediment (mchenga ndi matope ounjikana) yachuluka imatsika poti miyala imeneyi ndi yopepuka kuposa basement.

Mamita 900 asakudabwitseni. Ku Upper Rhine Graben (chigwa cha ku France ndi Germany) pa Soultz-sous-Forêts granite, yomwe ndi basement ya kumeneko, anakaipeza cha pa mamita 1400, ndipo cha ku Heidelberg sediment imaposa makilomita 3.

Zikomo nonse. Koma pali china, shale yakuda yomwe ili mu borehole yakutali mu yapafupiyi mulibemo, yangosowa, sandstone ziwiri zagundana.

Mwina borehole yanuyo yadutsa mu normal fault ina yaing'ono, ikatero gawo lina la miyala limasowadi mu log (ndondomeko ya miyala yomwe borehole yadutsamo). Koma kukokoloka kwa nthaka kumasowetsanso layer. Fufuzani pa core pomwe sandstone zagundanapo ngati mwala ndi wophwanyika kapena uli ndi mizere yokhulana.

Core ili ku labu, mawa m'mawa ndikaitsegula. Ndikajambula malo amenewo n'kuika chithunzi pano mundionerenso.