Za bulenda zija ndayesa

Abale paja sabata yatha ndinafunsa ngati bulenda ingagwire ntchito ya food processor poti kuno ku Mangochi yotchipa sindinaipeze. Ndayesa ndithu. Tomato ndi anyezi wothira mu chambo zikugayika bwinobwino, timadzi pang'ono basi. Koma pa nsinjiro ndiye ndinalakwitsa, ndinadzaza mtedza mujagi n'kungoisiya ikulira, pansi panasanduka chiponde pamwamba mtedza uli wathunthu, mota kutentha mpaka kumveka kafungo ka waya. Pano ndikumaika kapu imodzi, kudina n'kusiya, kudina n'kusiya, kugwedeza jagi kenako kusefa, ikutuluka yabwino yotendera nkhwani. Kabichi musayese imangokhala phala, bola mpeni. Mayi akungondiseka ati mtondo sufuna magetsi.